Sikuludiraiva ya ratchet ikupulumuka pomasula: kodi tizitsulo ta kampani ina tingalowemo?

A Mbewe alemba kuti:

Moni nonse amisiri. Ndikupempha nzeru pa sikuludiraiva ya ratchet (ija yozunguza sikuluu mbali imodzi n'kumangolira pobweza dzanja) imene ndimamangira makabati ndi kupachikira mahinjesi a zitseko, chifukwa yayamba kuvuta mbali imodzi yokha ndipo sindikufuna kuitaya ndisanamve maganizo anu. Ndikatembenuza mphete yake kuti imange, imagwira bwinobwino ndipo imalira monga mwa masiku onse, koma ndikaitembenuza kuti imasule, imangokwanitsa sikuluu yofewa. Sikuluu ikangolimba pang'ono, chogwirira chimapulumuka n'kuzungulira chokha m'manja, biti (kachitsulo kolowa m'mutu wa sikuluu) ili chiimire. Ngakhale ndiike mpheteyo pakati, pamene imayenera kukhoma mbali zonse ziwiri, imakhomabe mbali yomanga yokha.

Ndinakweza mpheteyo n'kusuzumira m'kati, ndipo ndinaona giya ya mano ang'onoang'ono, tizitsulo tiwiri tokola manowo, ndi girizi wakuda amene anauma atasakanikirana ndi utuchi. Sindinapitirire pamenepo poopa kutaya tisipuling'i.

Chimene ndikufuna kudziwa kwenikweni ndi ichi: ndili ndi sikuludiraiva ina ya ratchet, ya kampani ina, imene chogwirira chake chinang'aluka koma m'kati mwake mukugwira ntchito bwino. Kodi ndingachotse tizitsulo ta m'menemo n'kuika mu iyi, kapena kampani iliyonse ili ndi miyezo yakeyake? Ndikufunsa chonchi chifukwa mabiti a makampani osiyanasiyana amalowa mu zonse ziwiri, ndiye ndimaganiza kuti mwina ndi zam'kati zomwe zimafanana. Pa mabiti omwewo palinso chimene chikundidabwitsa, chifukwa ena amakhala nganganga, ena amagwedera, ndipo ena aatali amatsalira pamutu pa sikuluu ndikamakoka. Kodi vuto limeneli ndi la mabitiwo kapena la sikuludiraivayo?

A Nkhoma ayankha kuti:

Bambo Mbewe, mwafotokoza momveka bwino, ndipo zoti ikupulumuka ngakhale mphete ili pakati zikutilozera kale kumene vuto lili. Mu masikuludiraiva ambiri a mtundu umenewu giya imakhala yogwirana ndi shafiti yonyamula biti, pamene tizitsulo tiwiri mwationato, timene m'mabuku a zipangizo amatitcha ma pawl, timakhala m'thupi la chogwirira, kalikonse kali ndi kasipuling'i kokakankhira ku mano. Kamodzi kamanyamula mphamvu pomanga, kena pomasula. Ntchito ya mphete ija ndi kukweza kachitsulo kamodzi kuti kasakhudze mano, ndipo mukaiika pakati sikweza kalikonse, motero tonse tiwiri timakola. Tsono ngati pakatipo ikupulumukabe pomasula, ndiye kuti kachitsulo ka mbali yomasula sikakufika pansi pa dzino, kapena kakufika koma kakuterereka n'kutuluka mphamvu ikachuluka.

Zochititsa zimenezi si zambiri. Kawirikawiri ndi girizi wouma mwamuonayo, amene amamata kachitsuloko moti kasipuling'i, kamene mphamvu yake ndi yochepa kwambiri, sikangathe kukakankha mpaka pansi. Kamangogwira nsonga ya dzino, zimene zimakwanira pa sikuluu yofewa koma osati pa yolimba. Nthawi zina kasipuling'iko ndi kamene katopa, kapindika kapena kaduka. Kuperepeseka kwa chitsulo chenichenicho kumabwera pambuyo, ndipo nthawi zambiri kumayamba chifukwa cha ziwiri zoyambazo, popeza kachitsulo kogwira theka la dzino kamadyeka nsonga ndi kudyanso nsonga za mano nthawi iliyonse kakapulumuka. Choncho muyambe mwaisiya kaye mpaka mutaitsuka.

Poiphwasula, jambulani chithunzi pa foni musanachotse kanthu, ndipo mujambulenso mukachotsa chilichonse, chifukwa tizitsulo timeneti timaoneka ngati tingalowe mbali iliyonse pamene mbali yake ndi imodzi. Ntchitoyo muigwire manja ali m'kati mwa thumba la pulasitiki loonekera, kuti kasipuling'i kapena kampira kachitsulo kokhala pansi pa mphete kakadumpha kagwere momwemo. Kampirako ndi kamene kamaimitsa mphete m'malo ake atatu aja, ndipo kakasowa mphete imangoyendayenda. Zitsulo zonse muzitsuke m'palafini ndi mswachi wakale, koma chogwirira musachiviike m'mankhwala amphamvu monga acetone kapena otsukira mabuleki, chifukwa mitundu ina ya pulasitiki ndi labala imafewa kapena kung'aluka nawo. Zikauma, yang'anani nsonga ya kachitsulo kalikonse pamalo owala. Yabwino imakhala ndi ngodya yakuthwa, pamene yowonongeka imakhala yobulungira ndi yonyezimira pamalo pamene yakhala ikuterereka. Giya muiyang'ane mbali zonse ziwiri za mano ake, popeza kumanga kumadya mbali imodzi ya dzino ndipo kumasula kumadya inayo.

Pali kuyesa kumodzi kumene sikufuna kugula kanthu. Ngati tizitsulo tiwirito n'tofanana ndendende, tisinthanitseni malo. Ngati kena ndi kakumanja kena kakumanzere, sinthanitsani tisipuling'i tokha. Vuto likasamukira ku mbali yomanga, mwapeza cholakwa. Likakhalabe pomasula, muyang'anenso giya, malo amene kachitsuloko kamatsamira, ndi m'kati mwa mphete, chifukwa mphete yopotoka ingathe kumakweza kachitsulo pang'ono pa nthawi imene imayenera kukasiya.

Tsopano pa funso lanu lalikulu: kufanana kwa mabiti kusakupusitseni. Malo olowetsa biti ali ndi muyezo umene makampani onse amautsata, koma zam'kati mwa ratchet zilibe muyezo wotere, ndipo giya ndi kachitsulo kake kokola zimapangidwa kuti zizigwirizana zokhazokha. Taonani mano okha. Giya ya mano 72 imafuna kuti dzanja lizungulire madigiri 5 kuti kachitsulo kagwere pa dzino lotsatira, ya mano 45 imafuna madigiri 8, ndipo ya mano 36 imafuna madigiri 10. Kachitsulo kopangidwira mano akuluakulu kali ndi nsonga yonenepa imene singalowe mpaka pansi pa mano ang'onoang'ono, ndipo kopangidwira mano ang'onoang'ono kangalowe koma n'kugwira pamalo ochepa, pa ngodya yolakwika. Ngakhale chiwerengero cha mano chifanane, pamatsalabe kukula kwa giyayo, kupendekeka kwa dzino, kutalika kwa kachitsulo kuchokera pomwe kamatsamira, ndi malo amene mphete imakakwezera. Palinso ma ratchet ena opanda mano konse, amene amagwira ndi tizitsulo tobulungira topanikizika pakati pa shafiti ndi thupi, ndipo amenewo sagwirizana ndi a mano m'njira iliyonse.

Choopsa pa kachitsulo kobwereka n'chakuti kangathe kulowa, kulira bwino m'manja, kenako n'kupulumuka pa sikuluu yolimba dzanja lanu lili pafupi ndi ngodya ya kabati. Sindikulimbikitsanso kukasema ndi tupa kuti kakwanire, chifukwa tizitsulo totere timalimbitsidwa ndi moto, tina pamwamba pokha, ndipo mukachotsa pamwambapo mumatsala ndi chitsulo chofewa chimene sichichedwa kudyeka. Chimene mungachite ndi kupalako pang'ono chabe ndi mwala wonolera wosalala ngati m'mphepete mwapindika. Pobwezeretsa, ikani timadontho ta mafuta opepuka, monga a makina osokera, osati girizi wolimba wa ma bearing a galimoto, chifukwa ameneyo ndi amene adzamatenso kachitsuloko utuchi ukadzalowa.

Mayi Kalua ayankha kuti:

Ine ndiyankhepo pa mabiti, popeza pa ntchito yanga yokonza zipangizo zamagetsi ndimakhalira kuwasinthasintha. Biti wamba imakhala ndi tsinde la mbali 6, lotambalala kota ya inchi, ndiye kuti mamilimita 6.35, ndipo muyezo umenewu unalembedwa mu ISO 1173 komanso mu DIN 3126 ya ku Germany. N'chifukwa chake biti ya Wera, ya Wiha, ya Stanley kapena ya Makita imalowa mu sikuludiraiva iliyonse yotsata muyezowo. Koma pa kukula komweko pali mitundu iwiri imene anthu ambiri saisiyanitsa. Woyamba ndi C 6.3, mabiti aafupi aja amene kawirikawiri amatalika mamilimita 25, okhala ndi timipata ting'onoting'ono m'ngodya zake momwe kamphete ka waya ka m'kati mwa shafiti kamakolamo. Wachiwiri ndi E 6.3, mabiti aatali okhala ndi ngalande yakuya yozungulira pafupi ndi mapeto, imene inapangidwira kampira kachitsulo ka m'madirilo ndi m'zogwirira zokhoma zokha. Biti yaitali ya mtundu wachiwiriwu mukaiika m'shafiti yopangidwira mabiti aafupi, kamphete ka waya kaja sikapeza pokola, maginito amagwira kumapeto kokha, ndipo mbali imene ili m'kati ndi yaifupi poyerekeza ndi imene ili kunja. Kumeneko ndi kumene kukuchokera kugwedera ndi kutsalira pa sikuluu kumene mukunenako, a Mbewe.

Mabiti opangidwira msika wa ku Japan, monga ambiri a Vessel ndi Anex, ali ndi ngalande ija pa mamilimita 13 kuchokera kumapeto, pamene a E 6.3 ili pafupifupi pa mamilimita 9.5. M'shafiti ya maginito kusiyana kumeneku sikuoneka, koma m'chogwirira chokhoma ndi kampira, biti ya ku Japan imagunda pansi ngalande isanafike pa kampirako, ndiye sikhoma, pamene ya E 6.3 m'chogwirira cha ku Japan imakhoma koma n'kumalowa ndi kutuluka. Mabiti ang'onoang'ono a mamilimita 4 okonzera mafoni ndi makompyuta ndi banja lina, ndipo amafuna kachitsulo kolumikizira kuti alowe pa 6.35.

Musanaweruze biti iliyonse, unikani pansi pa bowo la shafiti. Maginito amakoka fumbi la chitsulo lochokera ku masikuluu, ndipo fumbilo likaunjikana biti sifikanso pa maginitowo. Lichotseni ndi tepi yomata yokulungidwa pa kamtengo. Ngati maginito asweka kapena amatuka, mungaike ena a neodymium a kukula komweko n'kuwamata ndi guluu wa epoxy, ndipo amenewa sasankha kampani. Kungoti musatenthe shafiti pochotsa akalewo kapena poumitsa guluu atsopano ali m'kati, chifukwa maginito wamba a mtundu umenewu amayamba kutaya mphamvu kutentha kukapitirira madigiri 80 a Celsius.

Popeza mumamanga makabati, muonetsetsenso mitu ya masikuluu anu. Ambiri a matabwa opanikizidwa ndi a Pozidriv, amene amadziwika ndi timizere tinayi ting'onoting'ono pakati pa manja a mtanda, ndipo amafuna biti yolembedwa PZ, osati PH ya Phillips. Biti ya PH2 m'mutu wa PZ2 imagwedera n'kumakwera kunja, ya PZ2 m'mutu wa Phillips silowa mpaka pansi, ndipo masikuluu ambiri a JIS (muyezo wina wa mitu ya mtanda) a pa zipangizo za ku Japan ali ndi kadontho pambali pa mtanda. Ndawonjezera zimenezi chifukwa biti ikamatuluka munthu amakanikiza ndi kupotoza mwamphamvu, ndipo mphamvu yonseyo imathera pa nsonga ya kachitsulo kamodzi kaja. Kuika mphete pakati sikuchepetsa katunduyo, popeza pomasula amene amanyamula ndi kachitsulo komweko ka mbali yomasula. Sikuluu ya dzimbiri muziyamba kuigwedeza ndi sikuludiraiva yopanda ratchet.

A Gondwe ayankha kuti:

Ndikugwirizana ndi a Nkhoma pa kutsuka ndi kuyesa, koma sindingafike ponena kuti tizitsulo ta makampani awiri sitigwirizana nthawi zonse, chifukwa dzina lolembedwa pa chogwirira silikuuzani amene anapanga ratchet ya m'katimo. Mafakitale ena, makamaka a ku Taiwan ndi ku China, amapanga ratchet imodzi n'kuigulitsa kwa makampani angapo, ndipo aliyense amangoiveka chogwirira cha mtundu wake ndi dzina lake. Mukatsegula ziwiri zotere mumapeza giya imodzimodzi ndi tizitsulo timodzimodzi. Komanso mayina ambiri odziwika ali m'manja mwa eni ochepa: Snap-on ndi mwini wa Williams ndipo inagula Bahco mu 1999, Stanley Black & Decker ili ndi Facom, Proto ndi Mac Tools ndipo inagula dzina la Craftsman mu 2017, pamene GearWrench ndi Crescent zili pansi pa Apex Tool Group. Nthawi zina mayina a mwini mmodzi amagawana kapangidwe, ngakhale kuti umwini pawokha si umboni, popeza mafakitale ake amakhala osiyana.

Mbali inanso ya nkhaniyi n'njakuti dzina limodzi silitanthauza kuti zam'kati n'zofanana. Kampani ingathe kusintha fakitale kapena kapangidwe n'kusiya maonekedwe akunja ali chimodzimodzi, choncho pofunsa tizitsulo tokonzera, timene makampani ena opanga zipangizo za amakaniko amagulitsa, muzitchula nambala yonse ya chipangizocho, ngakhale chilembo chomalizira. Zimenezi si zachilendo. Masikuludiraiva akale a Yankee, aja omanga mwa kungokankha chogwirira pa shafiti yopotana, anayambitsidwa ndi North Brothers ya ku Philadelphia, imene Stanley inaigula mu 1946. Mabiti ake ndi obulungira okhala ndi kampata kokolera, ndipo ali m'miyezo itatu: pafupifupi mamilimita 5.5 pa nambala 135, mamilimita 7 pa nambala 130, ndi mamilimita 8 pa nambala 131. Dzina ndi limodzi, koma biti ya 130 singakhome mu 131. Amene akugwiritsabe ntchito zipangizo zimenezi masiku ano amagula cholumikizira cha muyezo wake kuti aziikamo mabiti a 6.35.

Chimene ndikunena n'chakuti muyeze, musangokhulupirira kapena kukana chifukwa cha dzina. Ikani magiya awiriwo pamodzi, muwerenge mano polemba dzino loyambira ndi cholembera, muyeze kukula kwake ndi vernier (chida choyezera tinthu ting'onoting'ono molondola), kenako musanjikize tizitsulo tokola n'kuona ngati m'mphepete mwake mukulingana paliponse. Chimodzi chikasiyana, musiye. Koma circlip (kamphete kachitsulo kotseguka mbali imodzi) yogwira shafiti, timipira tachitsulo ndi ma O-ring (timphete ta labala) ndi zinthu za muyezo wodziwika, moti mukayeza bwino mumazipeza popanda kufunsa dzina la kampani. Ma circlip a kunja kwa shafiti amatsata DIN 471, a m'kati mwa bowo DIN 472, ndipo aja ooneka ngati chilembo cha E amatsata DIN 6799. Muganizirenso zokonza inayo m'malo moiphwasula, popeza mwati ratchet yake ili bwino: chogwirira chong'aluka nthawi zambiri chimatheka ndi epoxy, mng'aluwo utatsukidwa bwino ndi kupanikizidwa mpaka guluu ataumiratu.

A Mbewe alembanso kuti:

Zikomo kwambiri nonse. Ndaiphwasula m'thumba monga munanenera, ndipo nditatsuka ndapeza kuti nsonga za tizitsulo tonse tiwiri zikadali zakuthwa, ndi mano a giya omwe ali bwino. Kasipuling'i ka mbali yomasula ndi kamene kanaduka kumapeto, ndipo chidutswa chake chinali chitamira m'girizi. Nditasinthanitsa tisipuling'i, vuto linasamukira ku mbali yomanga. Ya kampani inayo ndaitsegulanso, koma giya yake ili ndi mano akuluakulu ndipo tizitsulo take n'topindika pamene ta iyi n'toongoka, ndiye sindinatikhudze. Pansi pa bowo la shafiti panalidi fumbi la chitsulo lochuluka, Mayi Kalua, ndipo mabiti aafupi tsopano akugwira.

Chatsala ndi kasipuling'iko. Ka mu sikuludiraiva inayo kakulowa m'bowo bwinobwino, koma n'katali pang'ono ndipo waya wake akuoneka wonenepa. Kodi ndingakadule kuti kalingane ndi kamene kali bwinoko?

A Nkhoma ayankhanso kuti:

Kudula kungathetse vuto la kutalika, Bambo Mbewe, koma kunenepa kwa waya ndi kumene kukundidetsa nkhawa. Kulimba kwa sipuling'i kumakwera mofulumira kwambiri waya akanenepa: ngati zina zonse zili zofanana, waya wa mamilimita 0.4 amapanga sipuling'i yolimba kupitirira katatu poyerekeza ndi wa mamilimita 0.3. Kuwonjezera apo, mukachepetsa mizungulire ya sipuling'i poidula, imalimbiranso. Zotsatira zake mudzaziona pa sikuluu imene yamasuka kale: pobweza dzanja, kachitsulo kokanikizidwa kwambiri kadzakana kudumpha mano, ndipo sikuluu idzabwerera limodzi ndi chogwirira m'malo moti ratchet ilire. Mphete idzalimbanso potembenuza, ndipo nsonga ya kachitsuloko idzadyeka msanga.

Tengani kasipuling'i kabwino kaja kuti kakhale muyezo wanu, muyeze zinthu zinayi: kunenepa kwa waya, kutambalala kwa kunja, kutalika kwake kasanapanikizidwe, ndi chiwerengero cha mizungulire. Pa zinayizi, waya ndi kutambalala ziyenera kufanana. Kutalika mungakonze podula ngati mizungulire yake ili yotalikirana mofanana ndi ya kakaleko. Tisipuling'i ta m'zolembera ndi ta m'zoyatsira moto nthawi zina timagwirizana ndi miyezo imeneyi, ndipo palinso timabokosi ta tisipuling'i tosiyanasiyana togulitsidwa potsata muyezo. Mukapeza tiwiri tofanana, sinthani mbali zonse ziwiri kuti kumanga ndi kumasula kuzimveka chimodzimodzi m'manja. Kodukako musakakoke kuti katalike, chifukwa sipuling'i yokokedwa sichedwa kubwerera ndipo imapindikira pambali m'bowo.

Mukadula, mbali yodulidwayo ilowe pansi pa bowo, ndipo mbali yathyathyathya ya ku fakitale ndi imene itsamire pa kachitsulo, kuti nsonga ya waya isakole m'mphepete. Musanatseke mphete, kankhani kachitsulo kalikonse ndi nsonga ya singano n'kukasiya: kayenera kubwerera kokha msangamsanga mpaka pansi pa dzino. Mukatseka, panikizani biti m'vaisi n'kupotoza chogwirira pang'onopang'ono m'malo onse atatu a mphete, mukuwonjezera mphamvu pang'ono ndi pang'ono, ndipo muzungulize giya yonse kuti dzino lililonse liyesedwe musanapite nayo pa kabati.